Voti Yowonongeka

Ovota apita kukagona, inki yauma pa zala zawo.
Ife tatsala m'kalasi ya sitandade folo ku Chibavi,
mabenchi tawakankhira kukhoma,
bokosi lili pakati ngati maliro a mlendo.
Magetsi anathima masana.
Chifunga cha Epulo chikulowera pa zenera lija
ana anaswa ndi mpira chaka chatha.

Ndine mphunzitsi, koma lero andiveka kajekete ka bungwe la chisankho.
Masiku atatu anatiphunzitsa mu holo ku Katoto:
kuchonga pamalo amodzi, kapena kudinda chala.
Zina zonse, anatero mkulu wa tayi uja,
lamulo silizimva.

Tikuwerenga.
Wa ambulera. Wa ambulera. Wa wilibala.
Zgambo, monita wa wilibala, akuyasamula m'chipewa chaubweya.
NyaHarawa wa ambulera wakhalira ndowa yovundikira,
mwana kumbuyo, pensulo kukamwa, osaphethira.
Wapolisi pakhomo akuuzira mpweya m'manja mwake.

Ndatambasula pepala lina pafupi ndi nyali.
Palibe pochonga.
Nkhope zonse zisanu zili mbee,
zikumwetulira monga zinkachitira pa mapolo a magetsi.
Koma m'munsi mwake,
mokanikiza mpaka cholembera kuboola,
wina walemba:
MADZI AKULOWA MNYUMBA.

Zgambo wadzuka. Akuti ameneyu ndi wathu,
abwana athu ndiwo analonjeza ngalande pa msonkhano wa Loweruka.
NyaHarawa walavula pensulo:
za ngalande tinayamba kuzinena ndife!
Akukokana ngati anyamata a sakaramento pa depoti
kulimbirana munthu amene wasankha kuyenda wapansi.

Ine maso ali pa chilembo cha N.
Chatembenuka, mwendo wapakati watsikira kolakwika.
Zaka khumi ndi zinayi zapitazo, m'chipinda chomwe chino,
ndinkagwira dzanja la kamnyamata ka kudambo,
kobwera ndi makope onyowa dzinja lonse,
n'kumakauza kuti N sayenda chafutambuyo.
Kanasiya sukulu chilembocho chisanawongoke.
Dzina ndikulidziwa.
Lamulo likuti ndisalidziwe,
ndipo pokhapo ine ndi lamulo tikumvana.

Ndatsegula kabuku pa tsamba lopinda pakona,
ndawerenga mokweza, mwana wa NyaHarawa mpaka kudzidzimuka.
Mawu anga atuluka ouma ngati pa tsiku la mayeso:
yowonongeka.
Ndaliponya mu envulopu ya khaki
momwe muli kale ena asanu ndi limodzi.
Lina mwini wake anachonga onse, kuopa kukhumudwitsa wina,
lina analipinda bwinobwino osalembapo kanthu,
ngati kalata ya munthu amene mawu amuthera.

Tasaina, aliyense ndi dzanja lozizidwa.
Wa ambulera watsogola ndi makumi atatu pano,
za masukulu enawo tikazimvera pa wailesi.
Mwina wogonja adzathamangira ku khoti lalikulu,
maloya adzavala mikanjo, adzaitanitsa envulopuyi,
adzanena kuti muli mapepala asanu ndi awiri,
woweruza adzalemba nambalayo,
envulopu n'kutsekedwanso.

Galimoto yatenga bokosi tambala asanalire kachiwiri.
Mvula yayamba ija yosafuula, yongonyowetsa mafupa.
Ndapinda buluku, nsapato m'manja,
ndadzera njira yachidule ya kudambo
ngakhale kwathu n'kumtunda.

Pa nyumba yachitatu, ya njerwa zosawotcha,
bambo wandevu akukapa madzi ndi beseni,
kuwataya kunja, iwo n'kubwerera pansi pa chitseko.
Wandiona, wawongoka:
mwawuka uli, asambizgi?
Inki ikadali pa chala chake, madzi sanaichotse.
Sanafunse amene wapambana.
Wangofunsa ngati mavoti onse tinawawerenga.

Ndati eya,
onse tinawawerenga.
Wagwedeza mutu, wawerama, watunganso.